Mchira Wodulira Pakhosi

Padangotero, kale lomwe nyama zinkadwala n'kumapita kwa sing'anga ngati ife tomwe. Amene muli maso vomerani kuti tili tonse. Amene mukuodzera musadzandivutitse mawa kuti zidatha bwanji.

Padali mfumu ya nyama, Njati, imene onse ankaitchula kuti Gogo Chalo. Sidali mfumu yankhanza ayi. Chilema chake chidali kuopa matenda. Ikangomva kuti wina kutsidya akutsokomola, iyo inkayamba kudzisisita pachifuwa. Koma chaka chimenecho idadwaladi. Idadya msipu wanthete wa mvula yoyamba osadziletsa, mimba n'kufufuma ngati ng'oma. Mimbayo inkalira usana wonse, moti amayi ankathamangira kukaanula ufa poyesa kuti ndi mabingu.

Sing'anga wa pabwalo adali Nyani. Using'angawo sadauphunzire, adangoulowa. Mwini wake weniweni adali atsibweni ake, a Kafukula, nyani wokalamba amene ankadziwa mtengo uliwonse ngati mwana wobereka yekha. A Kafukula akamapita kukakumba mizu ankamutenga mwana wa mlongo wawoyu kuti aziona. Koma iye akangofika kutchire ankakwera mumsuku, n'kudya masuku mpaka tulo. Nkhalamba itamwalira, Nyani adatenga nsupa, litchowa, mkanda wa m'khosi ndi thumba lachikopa. Zonse zidamukhala bwino. Adakutumula thumba lija kufunafuna nzeru, koma mudangogwa fumbi.

Tsono kumeneko kudali mwambo wosaphwanyika: sing'anga asanapereke mankhwala kwa wodwala, ayambe walawa yekha pamaso pa onse, kuti aone kuti mulibe chiphe. Ndipo Nyani ankadana ndi zowawa kuposa imfa. Ndiye mankhwala ake ankapanga motere: kufinya masuku, kuthiramo uchi, n'kuponyamo makungwa a msuku womwewo kuti zizioneka ngati zakutchire. Odwala ankawakonda zedi. Ankati Nyani waposa atsibweni ake. Zoti palibe amene ankachira, ankaziona ngati nkhani ina.

Tsiku loyamba Nyani adabwera ndi chikho chodzaza, adachikweza kuti onse aone, n'kuyamba kugugudiza.

"Kumeneko n'kulawa, a sing'anga, kapena kumwa?" adafunsa Nang'omba, nduna ya mfumu, amene mawu ake ankamveka ngati akuchokera mumtsuko.

"Chiphe chimakhala pansi, nduna. Ndiyenera kufika komweko."

Mfumu idamwa zotsalazo, idanyambita milomo, mimba n'kulira kuposa kale.

"Mankhwala anu ndi okoma, a sing'anga," idatero, "koma mimbayi sikumva."

Nyani adagwedeza nsupa, adaiika kukhutu, adatsinzina ngati ikumunong'oneza. "Mankhwala alibe vuto, Gogo Chalo. Chasowa ndi chizimba." Paja chizimba ndi kachiwalo ka nyama kamene amathira m'mankhwala kuti agwire ntchito. Kwa ife anthu nkhani imeneyi ndi yopepuka. Koma pamudzi wa nyama zokhazokha, chizimba chimakhala cha mnansi wako.

"Nsupa ikuti chiyani?" idafunsa mfumu.

"Nthenga za kumutu kwa mayi Nkhanga. Zonse."

Nkhanga nthawi imeneyo adali ndi tsumba lonyaditsa, ndipo ndiye ankatsogolera nyimbo za amayi pamtondo. Adamusosola akulira, n'kumusiya ndi mpala. Mfumu idamwa masuku a nthenga. Mimba idalira.

"Nsupa yaonjeza mawu," adatero Nyani. "Ikuti ubweya wa a Njiri."

Njiri adali kapitawo wa alonda, mwamuna wa ubweya wosalala amene ankaudzoza mafuta a nsatsi. Adamumeta thupi lonse, n'kungomusiyira kamzere kumsana chifukwa lumo lidabuntha. Mfumu idamwa masuku a ubweya, idatsamwa pang'ono. Mimba idalira.

Tsono pamudzipo padali Likongwe, kanthu kowonda, ka mchira wautali, kakuba mazira kosachita nako manyazi. Ine sindikumuikira kumbuyo, adali mbala yeniyeni. Koma adali ndi nthenda ina yoposa kuba: sankatha kumeza chiseko. Ataona Njiri akudutsa ali mbulanda, adagubuduka pansi.

"Thobwa la a Nyani lativula!" adakuwa. "Mawa timva kuti chizimba ndi mano a apongozi!"

Nyani adamva. Adakumbukira kuti kanthu kameneka kankatsatira a Kafukula kutchire masiku onse, ndiye kakhoza kudziwa zimene iye sadziwa. M'mawa mwake nsupa idalankhulanso.

"Ikuti mchira wa Likongwe."

"Tidulire pati?" adafunsa Nang'omba.

"Pakhosi."

"Pakhosi pali mchira, a sing'anga?"

"Wa Likongwe ndi wautali, nduna. Umayambira pamenepo."

Alonda adamupeza Likongwe m'chisa cha eni ake, dzira lili kukamwa. Adamumanga luzi m'chiuno, n'kumukokera kubwalo kumene nkhwangwa idali itanoledwa kale. Koma pakamwa pake padalibe mantha. Adagwada, adaomba m'manja mwaulemu.

"Gogo Chalo, mwayi wanga ine! Khosi la mwana wamasiye kulowa m'mimba mwa mfumu! Amayi akadakhala moyo bwenzi akuimba nthungululu. Dulani. Ndingofunsa kamodzi kuti ndife mtima uli pansi: mtengo umene a sing'anga anasendako makungwa uli bwanji?"

"Mtengo ukubweramo bwanji m'mimba mwanga?" idafunsa mfumu.

"Aa! Akuluakulu nonsenu mwaiwala? A Kafukula ankati wodwala amachira limodzi ndi mtengo umene wampatsa mankhwala. Bala la mtengo likamapola, iyenso akupola. N'chifukwa chake ankangosenda pang'ono kotulukira dzuwa, pang'ono kolowera dzuwa, n'kumatapo dothi. Akakumba mizu ankatenga umodzi, inayo n'kuisiya, dzenje n'kukwirira."

Akuluakulu adayang'anana. "Zoona," adatero Nang'omba. "Ankaterodi."

Musaganize kuti Likongwe adazidziwa izi chifukwa chokonda maphunziro. Ankatsatira a Kafukula chifukwa khasu lawo linkafukula mbozi ndi nkhululu. Ndipo chimene chinkamunyansa kwambiri ndi kukwirira dzenje kuja, poti nkhalamba inkakwirira ndiwo zake iye asanakhute.

Onse adanyamuka kukauona mtengo uja, mfumu ikutsogoza mimba. Adaupeza msuku utasendedwa kuzungulira, kuyambira pansi mpaka pamene mkono wa Nyani unkafika. Masamba adali atauma, pansi pali maenje oyasama.

"Mayo ine!" idalira mfumu. "Ndiye ineyo ameneyu?"

Likongwe adaona kuti nkhani yagwira. Za mtengo zija a Kafukula ankanenadi. Koma zimene adaonjezera apa lidali bodza lake, lopeka ali chiimire.

"Chizimbanso n'chimodzimodzi, Gogo Chalo. Chimene chagwera mwini chizimba chimagweranso womwa. Chisosolereni mayi Nkhanga, mutu wanu sukuzizira?"

Mfumu idagwira pakati pa nyanga. "Ukuzizira."

"Chimetereni a kapitawo, ntchentche sizikukuvutani kumsana?"

Inu mudaonapo njati yopanda ntchentche? Mfumu idakupiza mchira. "Zikundivuta! Ndimadabwa!"

"Basitu. Tsopano ine dulani pakhosi. Sindikukana."

Mfumu idagwira khosi lake ndi ziboda zonse ziwiri. "Chotsani nkhwangwayo! Ichotseni pamaso panga!"

"Bodza limenelo!" adakuwa Nyani. "Atsibweni anga sananenepo zimenezo!"

"Mukanamva bwanji, a sing'anga, muli mumsuku?"

Gulu lonse lidaseka, ngakhale Njiri wometedwa uja. Koma Nyani sadali chitsiru pa zonse. Adadikira chiseko chithe, n'kunena mofatsa.

"Chabwino. Poti akudziwa, achize iyeyo. Ayese katatu. Akalephera, ndiye kuti zonse wanenazi n'zopeka, khosi lake silikukhudzana ndi lanu, tidula."

"Pamenepo pali nzeru," idatero mfumu.

"Ndavomera," adatero Likongwe. "Koma ine ndine wokumba chabe. Mwambo ukuti wolawa ndani, nduna?"

"Mwini nsupa," adagunda Nang'omba.

"Kapena a sing'anga andipatse nsupayo, ndi litchowa, ndi mkanda, ndizilawa ndekha?"

Nyani adazikumbatira zonse pachifuwa. "Ndilawa," adatero.

Apa ndiye padali vuto limene Likongwe sadauze aliyense. Malamulo okumbira ankawadziwa, koma mitengo sankaidziwa. Zaka zonse zija mphuno yake idali m'dzenje, sadayang'anepo m'mwamba kuti aone tsamba. Adalowa kutchire luzi lili m'chiuno, Njiri atagwira nsonga yake, ndipo mtengo uliwonse unkangooneka ngati unzake. Mantha adamugwira mpaka kumchira, mchira womwe udamuputira mlanduwo.

Akuzungulirazungulira, adaona mtengo wina uli ndi chipsera chakale, chopola bwino, mbali ya kotulukira dzuwa. Adathamangira kuseri: chipsera china. Mtima udakhala pansi pang'ono. A Kafukula adapita, koma mpeni wawo udasiya zizindikiro. Mtengo wa zipsera ziwiri ndi wa mankhwala. Chotsala n'kudziwa kuti ndi mankhwala a chiyani, ndipo za zimenezo kumudzi kudali wolawa.

Adayamba kukumba akuimba nyimbo ya a Kafukula. Nyimboyo inkayamba ndi kuupatsa moni mtengo ngati mpongozi, kenaka kuupempha kansalu kakang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuulonjeza kuti sauvula yonse. Ovomera ankayankha kuti aufunditse mapazi ungazizidwe. Likongwe adaonjezamo mzere wake, wopempha mtengo kuti ukumbukire khosi la mwana wamasiye. Njiri, amene sankafuna n'komwe, adapezeka akuvomera ndi mawu ake a m'mphuno.

Adadula muzu umodzi wonunkha mwamphamvu, adakwirira dzenje mokwiya ataona mbozi yonona ikusowa m'dothi, n'kubwerera kumudzi. Ife lero tikudziwa kuti umenewo udali bwazi, umene ena amanunkhiza mutu ukamawawa. Likongwe sankadziwa. Adausinja, adauviika m'madzi, n'kupereka chikho kwa mwini nsupa.

Nyani adangofikitsa chikho pamphuno. Kuyetsemula koyamba kudadula mkanda wa m'khosi. Kwachiwiri kudamugwetsa chagada. Kwachitatu kudazimitsa moto wa pabwalo. Adayetsemula mpaka dzuwa kupendeka, akuyesa kutukwana koma mawu osatha kutuluka onse.

"Zimenezo ine sindimwa," idatero mfumu, itadzitseka mphuno.

"Kamodzi!" adagunda Nang'omba.

M'mawa mwake adabwereranso, luzi m'chiuno, Njiri pambuyo. Adapeza mtengo wina wa zipsera ziwiri. Likongwe adaimba nyimbo ija, moni kwa mpongozi, kansalu kutsogolo ndi kumbuyo, Njiri n'kumavomera za kufunditsa mapazi. Mzere wa khosi uja adauimba kawiri. Atacheka khungwa, mudatuluka utomoni wofiira. Umenewo udali mlombwa, umene amapaka pa zipere. Likongwe adaganiza kuti chinthu chofiira chotere sichingalephere kugwira ntchito.

Nyani adamwa atatsinzina. Kukamwa kudamangika ngati wadya nthochi yosapsa. Atapukuta pakamwa n'kuona dzanja lili psuu, adakuwa mokweza.

"Magazi! Ndafa ine! Itanani akazi anga! Thumba lipite kwa mlamu wanga, litchowa mundiike nalo! Gogo Chalo, mundikhululukire, uchi wanu uja sunabedwe ndi Chiuli, ndinamaliza ndine!"

Mfumu itangoona zofiira zija idakomoka, ndipo padatenga alonda onse kuti aikupize. Nyani sadafe. Adadzuka madzulo, n'kuyamba kunena kuti za uchi zija adalankhula ndi matenda. Amene adapindula ndi Nkhanga yekha: adatola zotsala m'chikho n'kupaka pa mpala wake umene udali ndi zilonda. Zilonda zidapola, koma kufiira kudakhalira.

"Kawiri!" adagunda Nang'omba, ndipo wina adapita kukatenga nkhwangwa kumene adaibisa.

Ulendo wachitatu Likongwe sankaseka. Adakhala pachitsa, mchira uli pamiyendo, akuusisita. Patsogolo pake padali mtengo umene ankaulambalala masiku onsewa. Udali ndi zipsera zosawerengeka, zakale ndi zakalekale, ngati mphini za pankhope ya nkhalamba, zonse kotulukira ndi kolowera dzuwa. Ankaudziwa bwino mtengowo. Ali mwana adadyapo mbozi ya pansi pake, kukamwa n'kuwawa mpaka adalumbira kuti umenewo ndi mtengo wa chiphe.

Ali chikhalire, mimba ya Njiri idalira pang'ono. Likongwe adadzutsa makutu.

"A kapitawo, inu kwa a Kafukula munkapitira chiyani?"

"M'mimba."

"Akazi anu?"

"M'mimba."

"Apongozi anu?"

"Amene aja ndiye ankachita kugona komweko. Iwe, pamudzi pano tonse ndife adyera. Kukakhala ukwati kapena sadaka, m'mawa mwake tonse tinkandanda pakhomo pa a Kafukula titagwira pamchombo."

"Nanga mankhwalawo ankamveka bwanji m'kamwa?"

Njiri adalavula. "Usandikumbutse. Ndinkalira ngati mwana, mano onsewa ali pamtunda."

Likongwe adauyang'ana mtengo uja kuyambira pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adakweza mutu mpaka kumasamba. Nkhalamba sikadacheka mtengo wa chiphe kambirimbiri chotere. Mtengo wochekedwa kwambiri ndi wa nthenda yobwera kwambiri. Umenewo udali muwawani.

Adaimba nyimbo ija ndi mtima wonse. Moni kwa mpongozi adaupereka atagwada. Kansalu adapempha kochepa kwambiri. Pofika pa mzere wa khosi mawu adamuthera, Njiri n'kumuimbira. Adasenda pang'ono uku, pang'ono uko, adamata dothi pa mabala onse awiri mosamala ngati akusambitsa khanda.

Kumudzi adawiritsa makungwa aja mumphika kuseri kwa nkhokwe. Mantha adamubwereranso: nanga chikakhaladi chiphe? Adaona kuti kufa ndi khungwa kuli bwino kusiyana ndi kufa ndi nkhwangwa. Adaviika nsonga ya mchira mumphika wotentha, nsongayo n'kupsa mpaka kuda, adainyambita. Maso adatuluka misozi, makutu adalira, adaona agogo ake onse amene adamwalira. Koma patapita kanthawi adapezeka akadali moyo, ndipo mazira akuba aja adakhazikika bwino m'mimba.

Pabwalo padadzaza. Nkhwangwa idali poyera. Nyani adalandira chikho, adanunkhiza, n'kuweramira kwa Likongwe.

"Mphwanga," adanong'ona, "tithiremo kauchi."

"Uchi munamaliza, a sing'anga."

"Mulawe mpaka pansi," adagunda Nang'omba, "monga mwa chizolowezi chanu. Paja chiphe chimakhala pansi."

Nyani adamwa. Milomo idathawira kutsogolo kufuna kusiyana ndi lilime, mphuno n'kuitsatira. Zikope zidagwera pamaso. Nkhope yonse, imene kale idali yobulungira bwino, idatalika ngati ya galu. Adatsegula pakamwa kuti anene mawu, koma chidatuluka ndi chimkuwo chimodzi chokha, chimene anyani amakuwa mpaka lero akaona munthu m'munda.

"Wafa?" idafunsa mfumu itabisa maso.

"Sanafe, Gogo Chalo. Akungotukwana."

Likongwe adatunga chikho china. Mfumu idachiyang'ana mokayika. "Nanga chizimba?"

"Chilimo kale," adatero Likongwe, akuonetsa nsonga yakuda ija. "Mchira wanga ndaviikamo. Mphamvu yake yonse yatsalira momwemo, onani mmene wadera."

Mfumu idamwa ikulira, alonda ataigwira nyanga. Kenaka mimba idalira kamodzi, mozama, ndipo, tinene mwaulemu, mfumu idapuma ndi mbali ina. Nkhanga ndi ana ake adauluka osafuna. Nang'omba adapezeka ali kuseri kwa nkhokwe. Fumbi litatha, adaona mimba ya mfumu yaphwa, ndipo Gogo Chalo akufunsa ngati kwatsala msipu.

Nthungululu zidamveka mudzi wonse. Nkhwangwa adaiponya kutchire. Apa Likongwe akadangothokoza n'kumapita kwawo ndi khosi lake, nthano ikadathera pabwino. Koma mbala ikapulumuka imayamba kuyang'ana chonyamula.

"Gogo Chalo," adatero, "musaiwale kuti mchira wanga uli m'mimba mwanu. Kuyambira lero, chondigwera ine chagwera inu. Ndikagona ndi njala, mimba yanu ilira. Ndikamenyedwa ndi eni mazira, zikwapu zikamveka kumsana kwanu."

Mfumu idatuzula maso. "Ukunena zoona?"

"Mwaona nokha."

"Nduna! Mwana uyu asadzabenso. Mazira azimubweretsera."

Tsiku limenelo Likongwe adadya mazira atagona chagada, akuseka anthu odutsa. Koma mfumu yoopa matenda ikayamba kukusamala, umalakalaka ikadakuda. Idagona ikuganiza, ndipo m'mawa idaitanitsa bwalo.

"Ndaganiza," idatero. "Mwana uyu amathamanga kwambiri, angathyoke mwendo, ine n'kutsimphina. Amalimbana ndi njoka, angalumidwe, ine n'kutupa. Mumangireni khola lopanda mpata, alonda azilizungulira. Asaombedwe ndi dzuwa, asanyowe ndi mvula. Ndipo poti akudya mazira ambiri, angadwale m'mimba. M'mawa uliwonse azimwa chikho cha muwawani."

"Gogo Chalo, ine m'mimba mwanga muli bwinobwino!"

"Tikufuna mukhalebe choncho. Wolawa ndani, nduna?"

"Mwini nsupa," adagunda Nang'omba.

Ndiye m'mawa uliwonse adani awiri aja ankakumana pakhomo la khola, chikho chili pakati. Nyani ankalawa, nkhope n'kutalikirako. Likongwe ankamaliza, misozi ili chuchuchu. Mitengo yokha ndiyo idapeza mtendere, chifukwa mfumu idalamula kuti wosenda mtengo kuzungulira kapena kusiya dzenje loyasama, ametedwe ngati Njiri. Muwawani uja ankachita kuupatsa moni podutsa.

Tsiku lina Nyani adalephera kupirira. Adayandikira pampata wa khola, milomo ikulendewera.

"Iwe, tiye tigwirizane. Uwauze kuti za chizimba zija unapeka."

"Ndikawauza, a sing'anga, nkhwangwa ija anaitola. Ndaiona ili patsindwi."

"Ndiye tizimwa chimenechi mpaka liti?"

"Mpaka mmodzi wa ife atafa. Koma ndi mankhwala amenewa, sindikuona kuti tidwala msanga."

Nyani adakhala pansi n'kulira. Likongwe adayang'ana mulu wa mazira pakona, adayang'ana chikho, adagwira khosi lake. Masana amenewo, alonda akuodzera ndi kutentha, adayamba kukumba pansi pa khola. Ankaimba chapansipansi nyimbo ija, koma ulendo uno moni ankapereka kwa khola, ndipo chimene ankapempha ndi kanjira kakang'ono kotulukira dzuwa. Atatulukira kunja adachita chinthu chimene ankadana nacho moyo wake wonse: adabwerera, n'kukwirira dzenje bwinobwino, monga ankachitira a Kafukula. Alonda atadzuka adapeza khola lotseka, pansi posalala, mazira ali pomwepo, mwini wake palibe.

Mfumu idatumiza alonda kumapiri ndi kumadambo, chikho chili m'manja, ndipo mpaka lero sadabwerere. N'chifukwa chake likongwe saima panjira. Amangodutsa ngati muvi, nsonga yakuda ija ili m'mwamba, poopa kuti mwina inu ndinu wa chikho. Njati nayo ikakumana nanu imaima n'kukuyang'anitsitsani nthawi yaitali. Anthu amati ndi ukali. Si ukali, ikufuna kukufunsani ngati mwamuona mwana uja, ndiponso ngati akudya bwino. Ikathamanga pang'ono n'kuyamba wefuwefu, imadandaula kuti kwinakwake Likongwe akuthamanganso.

Mazira adawasiya, khosi adapita nalo.

Yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kafukuleni, mwina mupeza makala okhaokha.